Phungu wa Maliro

Mudzi wa Mphonde,
Kwa Lukwa,
Kasungu.

Mwana wanga Gomezgani,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Lilongwe. Iwe uli bwanji? Nanga apongozi anga, amake a Shalom, akupeza bwanji? Chifuwa chija chinkamuvuta Shalom chinatha? Ndikamva kuti nonse muli bwino, ndiyamika Mulungu.

Ine kuno ndadzuka ndithu. Mwendo uja umandikumbutsabe kukazizira, koma chisanu chapita, tsopano latikwana ndi fumbi. Fodya yense anapita ku okushoni, chigafa chili mbee, ndipo ndayamba kutipula malo a nazale kudambo.

Udabwa kuti ndalemba kalata pamene foni unandigulira. Foni ilipo, ndipo ndimaona ukamaimba. Sindiyankha dala. Ndaphunzira kuti mawu a pakamwa munthu angathe kuwadula pakati nkutaya mbali imene sakuifuna. Awa ndalemba ndi dzanja langa, ndiye uwerenge mpaka pansi.

Ukukumbukira tsiku lija unabwera mu Juni, pamene ndinkasankha fodya womaliza? Unandipeza m'chigafa, unavula jekete nkukhala pa belo. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa chimwalirireni bambo ako sunakhalepo nane m'chigafa. Unayamba kundithandiza kusankha masamba, ngakhale manja ako anaiwala kale ntchitoyo ndipo ndinkabwereza mwakachetechete zonse zimene wasankha. Foni yako unaivundikira pa belo lina pafupi ndi bondo langa. Ine ndinayesa ulemu, ndinati mwana wanga wasiya foni kuti acheze ndi mayi ake.

Kenaka unandifunsa kuti, poti chisankho chayandikira, atsogoleriwa ndikuwaona bwanji. Unati ukufuna nzeru za amayi ako, chifukwa inu a m'tauni mumangomva phokoso.

Funso limenelo palibe anali atandifunsapo. Bambo ako ali moyo ndale ankakamba ndi amuna anzawo pakhonde, ine ndinkangomvera uku ndikupeta. Ndiye nditaona mwana wanga wophunzira akufuna maganizo anga, mtima unatseguka. Ndinalankhula osasiyako.

Za ofuna upulezidenti ndinakuuza kuti sindingawayeze bwino, poti sindinawaonepo ndi maso. Ndimangowamva pa wailesi, aliyense akulonjeza feteleza wotsika mtengo ndi msika wabwino wa fodya, ndipo onse pakamwa pawo ndi pokoma. Amene ndikanatha kuwayeza ndi awiri amene akulimbirana mpando wa phungu wa dera lathu lino, a Cornelius Kamtedza amene ali pampandopo, ndi Mayi Evelyn Mlauzi amene akufuna kuwachotsa.

Ndikulemberanso zimene ndinanena, chifukwa kaya iwe unazisunga zonse kaya ayi, ine ndikuzikumbukira.

Ndinati a Kamtedza ndi munthu wa anthu. Amadziwa mudzi uliwonse ndi eni ake, amatsika m'galimoto nkupereka moni ndi manja awiri. Njovu zitatuluka m'paki nkutidyera chimanga, anabwera okha kudzayenda m'minda yathu, nsapato zili matope okhaokha. Koma ndinatinso nthawi yonse imene akhala ku Nyumba ya Malamulo sitinawamvepo akutsegula pakamwa pa za fodya wathu. Mlatho wa pa mtsinje wa Kachere anaulonjeza Shalom asanabadwe, koma mpaka lero mvula ikagwa ana sapita kusukulu, ndipo amayi oyembekezera amawolotsedwa pamsana. Ndiye ndinaseka nkunena kuti a Kamtedza ndi phungu wa maliro, amatidziwa tikafa.

Mawu amenewo ndinanenadi, sindikukana. Koma sindinalekere pomwepo, Gomezgani. Ndisanapume nkomwe ndinapitiriza kuti ngakhale zili choncho ine sindingawanyoze, chifukwa tsiku limene bambo ako a Yobu anatisiya ku chipatala cha ku Lilongwe, iwe ndi ine titasowa pogwira, ndi lole ya a Kamtedza imene inabweretsa thupi lawo kuno, ndipo eni akewo anakhala nafe mpaka kumanda. Ndinati munthu amene wakunyamulira maliro sumuiwala. Iwe unagwedeza mutu kuvomereza. Ndinakuona ndi maso angawa.

Za Mayi Mlauzi ndinati ndi mayi wanzeru. Anagwirapo ntchito ya ulangizi, amadziwa mmene mavenda amatibera pa sikelo, ndipo akamalankhula umamva kuti apa pali mutu. Ndinati mtima wanga umakondwa kuona mayi mnzanga ataima pamaso pa amuna osanjenjemera. Koma ndinatinso kuno sanagonepo. Amabwera dzuwa litakwera nkubwerera lisanalowe, madzi a pa mjigo wathu sanawalawepo, ndipo anyamata amene amayenda nawo ndi amwano. Ndinati amadziwa mavuto athu koma sadziwa nkhope zathu.

Pomaliza ndinati sindinasankhe, ndikuyezabe. Unandithokoza, unadya mbatata imene ndinakuwotchera, nkubwerera ku Lilongwe.

Patapita masabata angapo ndinapita ku chigayo. Magetsi anali atathima, ndiye amayi tinangokhala pamzere ndi madengu athu, mwini chigayo atatsegula wailesi ya mabatire. Nyimbo itatha, kunabwera mawu a mayi wina. Poyamba sindinawazindikire, paja munthu sadziwa mawu ake omwe. Ndinangoona kuti mayiyu akulankhula ngati wa kwathu kuno. Akuti a Kamtedza ndi phungu wa maliro, amatidziwa tikafa. Kenaka anaseka. Kusekako ndi kumene ndinakuzindikira.

Mawu omwewo anapitiriza kuti Mayi Mlauzi ndi anzeru, amadziwa mavuto athu. Basi, pathera pomwepo. Za lole panalibe. Za nkhope zathu panalibe. Kenaka mwamuna wina wa mawu aakulu amvekere amenewo ndi Mayi Fainala Nambewe, mlimi wa fodya wa kwa Lukwa, mayi wamasiye amene watopa ndi kunamizidwa.

Mzere wonse unatembenuka kundiyang'ana. Wina anaseka, wina anati kodi Anambewe mwayamba ndale. Mayi wina wachikulire anangogwira pakamwa nkunena kuti koma si a Kamtedza omwewa ananyamula amuna anu? Ndinasenza dengu langa chimanga chisanagayidwe. Ndinabwerera nacho kunyumba.

Tsiku lomwelo ndinakuimbira, nditazindikira kuti foni ija ya pa belo inkajambula mawu anga, ndipo ndi pamene unandiuza kuti ukugwira ntchito kwa Mayi Mlauzi. Ine ndinkadziwa kuti umakonza zolengeza malonda a sopo ndi mbewu. Unati ndisadandaule, ndale zimatero. Unati palibe bodza, poti mawu onse anatuluka pakamwa panga. Unati pakatha sabata anthu aiwala. Unalankhula mofulumira ngati munthu amene akudikiridwa ndi ena, nkudula foni ndisanamalize kufunsa.

Anthu sanaiwale, Gomezgani. Wailesi inkabwereza mawu aja m'mawa, masana ndi madzulo. Anyamata a Mayi Mlauzi anawasandutsa nyimbo, akamadutsa pa lole pamsewu ankaimba kuti phungu wa maliro, amatidziwa tikafa. Ana a sukulu anaitola, ankaiimba posewera fulaye. Ku tchalitchi, amayi a Chigwirizano amene ndakhala nawo benchi limodzi zaka zonsezi anayamba kusiya mpata pakati pa iwo ndi ine. Ena ankandiyamikira mobisa kuti mwanena zoona, koma kuyamikira kumeneko kunkandipweteka kuposa kunyozako.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene ndakulemberatu ndi ichi.

A Davison, amuna a Anachisale, anamwalira. Sindikudziwa ngati uthenga unakupeza. Anadwala masiku ochepa, anawatengera ku chipatala cha pa boma, ndipo komweko anatsirizika.

Sindiyenera kukukumbutsa kuti Anachisale ndi ndani, koma ndikukumbutsa. Ndi a Dorika, mnzanga wa pa utsikana, amene khomo lawo likuyang'anizana ndi lathu. Nditakubereka ndinadwala kwambiri, mkaka unauma, ndipo amene anakuyamwitsa pamodzi ndi mwana wawo ndi iwowo. A Davison ndi amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndi amene anakuphunzitsa kupalasa, akuthamanga kumbuyo kwako atagwira chishalo.

Monga mwa nthawi zonse, akuluakulu a banja anapita kwa a Kamtedza kukapempha galimoto yokatenga thupi. A Kamtedza anawalandira pakhonde, osawapatsa ndi mpando womwe. Akuti iwo za maliro asiya. Akuti si mudzi wa Mphonde womwewu wanena kuti ndine phungu wa maliro? Pitani kwa Anambewe, akupezereni galimoto kwa mayi wawo wanzeruyo.

Akuluakulu aja anayesa kuimbira anthu a Mayi Mlauzi. Anayankhidwa mwaulemu ndithu, akuti mayi apepesa kwambiri, koma mfundo yawo ndi yakuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, osati kunyamula mabokosi, ndipo anthu ayenera kuyamba kuzolowera. Mwina akunena zoona. Koma zoona zimenezo sizinachotse a Davison ku mochale.

Thupi linakhala kumeneko masiku, kuno anthu atasonkhana, akulira nyumba yopanda maliro. Mapeto ake anatithandiza ndi matenanti a pa esiteti ija ya kuseri kwa dambo, anthu obwera a ku Mulanje ndi ku Phalombe amene a Davison ankawakonzera njinga. Anakagwada kwa kapitawo wawo mpaka anawabwereka thalakitala. A Davison anabwera kwawo pa ngolo ya thalakitalayo, yonyamulira nkhuni ndi fodya, bokosi litamangidwa ndi zingwe kuti lisagwe, fumbi litachita kuyera pamwamba pake. Anachisale anakhala pa ngolo yomweyo njira yonse atagwira bokosilo ndi manja awiri.

Ine ndinatenga ufa wanga m'beseni kupita ku maliro. Amayi ophika anaulandira osandiyang'ana. Ndinalowa m'nyumba ya siwa ndikulira, nkukhala pafupi ndi mnzanga monga iye anakhalira pafupi ndi ine pa maliro a bambo ako. Anachisale anapinda miyendo kuti isakhudzane ndi yanga. Sanakuwe, sanatukwane. Analankhula motsitsa, koma nyumba yonse inamva. Anati, "Anambewe, amuna anu anabwera pa galimoto, anga abwera pa ngolo ya nkhuni. Mwakhuta tsopano?"

Ndinayesa kunena kuti mawu aja anadulidwa. Anandifunsa kuti anadula ndani. Ndinakhala chete, chifukwa yankho lake linali dzina lako, ndipo amene ankafunsayo ndi mayi amene unayamwa bere lake. Ataona kuti sindikuyankha anati ndiye kuti munagulitsa nokha, tulukani mukalirire panja.

Ndinatuluka. Maliro a a Davison ndinawalirira kuseri kwa nkhokwe, ngati mlendo wodutsa.

Maliro atatha ndinamva kuti Mayi Mlauzi achititsa msonkhano pa sukulu ya pulayimale. Ndinati ndipite ndikawapemphe okha kuti mawu aja achotsedwe pa wailesi. Ndinavala chitenje changa cha tchalitchi kuti wina asanene kuti ndapitira chipani.

Ndisanafike pabwalo ndinayamba kudzimva ndekha. Mawu anga ankatuluka pa zimkuzamawu zimene anazikweza pa lole, kuseka kwanga kukumveka mpaka kumanda kumene a Davison agona. Anthu ankavina.

Mayi Mlauzi analankhula bwino, sindingawanamizire. Anafotokoza chifukwa chimene mlimi amalima fodya chaka ndi chaka koma nkumagona m'nyumba yodontha. Anafotokoza za mlatho, kuti ndalama zake zimayenera kuchokera kuti ndipo phungu amayenera kugogoda pa khomo liti. Ndikanakhala kuti ndabwera ndi mtima wina, bwenzi nditawomba m'manja.

Atatsika pa nsanja ndinadzipanikiza pakati pa anyamata awo mpaka ndinafika pa galimoto. Ndinagwada nkunena kuti mayi, ndabwera pa nkhani ya mawu a pa wailesiwa. Anamwetulira, akuti eya, mayi ameneyo watilankhulira tonse, tsiku lina ndidzamupeza ndidzamuthokoze. Ndinati mayi ameneyo ndine. Anakuwa ndi chimwemwe, anandidzutsa, anandikumbatira, nkuitana wojambula. Ine ndikufotokoza za a Davison ndi ngolo, iwo akundikonza mpango kuti chithunzi chioneke bwino. Nditabwereza pempho langa anati zimenezo amayendetsa ndi anyamata a ku ofesi, ndipo mwana wanga, amene akuti akumudziwa bwino, ndi mmodzi mwa anzeru kwambiri amene ali nawo, ndiyenera kumunyadira. Wina anandikoleka chitenje cha chipani paphewa, chitseko chinatsekedwa, galimoto inanyamuka.

Pamene ndinkatembenuka ndi pamene ndinakuona.

Unali pamwamba pa lole ija, pafupi ndi zimkuzamawu, utavala kapusi. Iwenso unandiona, Gomezgani, usadzakane. Maso athu anakumana. Ndinakweza dzanja. Iwe unawerama nkuyamba kugwiragwira mawaya, ndipo sunawerukenso mpaka lole inatuluka pa geti.

Kuchokera pa sukulu paja kufika pakhomo pano, munthu amayenda pansi osatuluka thukuta. Unafika mpaka pamenepo osabwera kudzaona mayi ako, osabwera kudzapepesa maliro a a Davison. Pa zonse zimene zandichitikira, palibe chinandilasa ngati msana wako utawerama pa mawaya paja. Bambo ako anakutcha dzina la kwawo kumpoto, ndipo anandiuza kuti Gomezgani ndiye kuti khulupirirani. Ine ndinakhulupirira.

Chitenje cha chipani chija ndinachisiya pa mpanda wa sukulu.

Patapita masiku ndinalimba mtima kupita kwa a Kamtedza. Ndinkayembekezera kuthamangitsidwa, koma anandilowetsa m'nyumba, akazi awo anandipatsa tiyi. Bamboyo waonda, Gomezgani. Anati Anambewe, ine bokosi la a Yobu ndinagwira nawo ndi dzanja langali. Anati adzukulu awo akukana kupita kusukulu chifukwa anzawo amawaimbira nyimbo ija. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sinali ya chinyengo.

Ndinawafotokozera zonse, za m'chigafa, za foni, ndi mawu amene anadulidwa. Ngakhale za mlatho ndi za kukhala chete kwawo ku Nyumba ya Malamulo sindinabise, ndinati zimenezonso ndinanena. Anamvetsera mpaka kumapeto nkunena kuti akundikhulupirira. Dzina lako sindinatchule, koma anati akulidziwa kale, dera lino ndi laling'ono.

Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati mwina apa zitha.

Kenaka anasendeza mpando. Akuti Loweruka ali ndi msonkhano waukulu, ndipo akufuna ndikaime pa nsanja pambali pawo. Ndikanene pamaso pa anthu onse kuti mwana wanga Gomezgani ndi wakuba, anagulidwa, anaba mawu a mayi ake, ndipo ine ndamutaya, si mwana wanganso. Akuti a wailesi adzakhalapo. Ndikatero, galimoto yawo iyambiranso kutumikira mudzi wa Mphonde, odwala ndi maliro omwe. Ndikakana, a ku Mphonde adziwe kolowera.

Ndinawafunsa kuti nanga a Davison anakulakwirani chiyani, poti amene analankhula pa wailesi si iwo. Anayang'ana kumbali. Akuti ndale ndi nkhondo, Anambewe, ndipo pa nkhondo udzu umapserera limodzi.

Ndinamaliza tiyi wawo chifukwa cha ulemu. Kenaka ndinati zikomo chifukwa cha a Yobu, ndidzathokoza mpaka tsiku langa lomaliza, koma pa nsanja sindikwera.

Usaganize kuti ndinakana chifukwa sunalakwe. Unalakwa, ndipo ena mwa mawu amene ankafuna kuti ndinene ndi oona. Ndinakana chifukwa mwana salangidwa pa msonkhano, anthu akuwomba m'manja. Ndinakananso chifukwa ndinaona kuti akufuna kuchita chomwecho chimene unachita iwe, kutenga pakamwa panga nkukamenyera mnzawo. Kamodzi kanakwana.

Nkhani ya kukana kwanga inafika kumudzi ine ndisanafike. Tsopano anthu akuti Anambewe asankha mwana wawo wa m'tauni kusiya mudzi wonse. Sabata yatha mtsikana wina woyembekezera zinamuvuta, anamutengera ku chipatala pa ngolo ya ng'ombe. Mulungu anachita chifundo, iye ndi mwana ali moyo. Koma amuna ake atadutsa pakhomo pano analavula pansi. Pa mjigo ndimapita dzuwa lili pamutu, nthawi imene kulibe anthu.

Ukanandifunsanso lero funso lako lija, ndikanakuyankha mosiyana pang'ono. A Kamtedza chifundo ali nacho, koma ndaona kuti chili ndi chingwe, ndipo akapsa mtima amachikoka ngakhale kumapeto kwake kuli maliro a munthu wosalakwa. Mayi Mlauzi nzeru ali nazo, ndipo mwina mlatho angaumangitsedi, koma ndinagwada pamaso pawo ndi chisoni changa iwo nkuona chithunzi. Ngati awiri amene ndimawadziwawa ali chonchi, kaya a pamwamba aja amene sindinawaonepo ali bwanji. Kuvota ndikavota ndithu, chala changa chikadetsedwa inki ngati cha wina aliyense. Koma amene ndikamuchonge sindiuza munthu, ngakhale iwe.

Masiku ano ndikamatipula kudambo, amene ndimamuyeza kwambiri si a Kamtedza kapena Mayi Mlauzi. Ndimayeza iwe. Ndipo ndikuuza mbali zonse ziwiri.

Ndiwe mwana amene unafolera nyumba ino ndi malata utangoyamba ntchito, usanagule ndi bedi lako lomwe. Ndiwe amene unasamalira bambo ako kuchipatala, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza osanyansidwa, amuna ena akuchita manyazi. Mankhwala a mwendo wanga sanathepo m'nyumba muno. Zimenezo ndi zoona ndipo palibe angazifafanize.

Ndiwenso mwana amene unakhala pa belo nkumandiyang'ana m'maso, ukudziwa kuti foni ikumva. Unamva ndikuthokoza munthu amene ananyamula bambo ako, unavomereza ndi mutu, kenaka unapita kukachotsa mawu amenewo ndi dzanja lako. Sichinali changozi. Unakhala pansi, unamvetsera, nkusankha poti udule. Ukanandipempha, mwina ndikanakana, mwina ndikanavomera kunena maganizo anga onse poyera. Koma sunandipemphe. Unaona kuti mayi ako ndi mlimi wamasiye wa mawu ogwira mtima.

Ndikudziwa kuti ntchito ndi yosowa ndipo uli ndi banja. Ndikudziwa kuti mwina umakhulupiriradi kuti Mayi Mlauzi ndi amene angatithandize. Sindikukuuza kuti usiye ntchito, ndipo sindikukuuza woti umuvotere. Za wailesi nazo ndasiya kupempha, madzi anatayika kale.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka lomaliza chisankho chisanachitike, abale a a Davison akumana kwa Anachisale kudzagawa zovala za malemu. Ubwere tsiku limenelo. Usabwere pa lole ya chipani, ukwere minibasi ngati mwana wa m'mudzi muno. Usatumize ndalama m'malo mwako, ndidzazibweza. Ubwere wekha, ukhale pansi pamaso pa mayi amene anakuyamwitsa, uwauze ndi pakamwa pako chimene unachita. Ngati mawu anga onse unawasunga, uwamvetse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati unawafufuta, uwanene iweyo, poti unalipo.

Sindikulonjeza kuti akakukhululukira. Anachisale ndimawadziwa, mtima wawo ndi wabwino koma supola msanga. Mwina akakutukwana, mwina akakuthamangitsa, mwina akangokhala chete, ndipo kukhala chete kwawo kumawawa kuposa ndodo. Zimenezo uzilandire. Galimoto ya a Kamtedza siibwerera chifukwa cha kupepesa kwako, ndipo a Davison sabwereranso kudzakwera galimoto. Koma mnzanga adziwe kuti sindinamugulitse. Takalamba tonse awiri, makomo athu akuyang'anizana, ndipo sindikufuna kuti mmodzi wa ife adzapite kumanda mnzake ataima kuseri kwa nkhokwe.

Mphekesera za iwe mwina Anachisale azimva, koma pakamwa panga sanamvepo kanthu. Ndikanatha kuwoloka bwaloli lero lomwe nkukawatchulira dzina lako. Tsiku lililonse ndimaganiza zotero. Koma ndikatero udzakhala mwana amene anaululidwa ndi mayi ake, ndipo m'mudzi muno sudzapondamonso momasuka. Ukadzinenera wekha, udzakhala munthu amene analakwa nabwera. Ndikukusungira mpata umenewo, ngakhale ukundilemera.

Ukabwera, uyambe wafika kunyumba kuno, tidzapitire limodzi. Sindidzakulankhulira ngakhale liwu limodzi. Koma pa mphasa imene udzakhale, ine ndidzakhala pambali pako.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti nkhaniyi siikuwakhudza, iwo ndi mwana wanga monga kale. Shalom umupsompsone, umuuze kuti agogo amusungira mtedza wokazinga. Kalatayi usamuwerengere.

Mulungu amene anasunga bambo ako akusunge, akupatse tulo ndi mtima wolimba, ndipo akuyendetse bwino pa msewu wobwera kuno.

Ndine mayi ako,
Fainala Nambewe.